Kamluzu m'Injini ya Kang

Weng Tien-lai analowa ntchito yaumakaniko ndevu zisanamere, m'kagalaja ka kuseri kwa msika wa ku Pingtung, ndipo wakalambira momwemo. Girisi anamulowa m'zikhadabo mpaka kukhala ngati wobadwa naye. Mkazi wake, A-kiau, anasiya kalekale kumugulira malaya oyera.

Chimene ankatchuka nacho ndi khutu. Injini ikakalamba, timapaipi take ta labala timang'ambika n'kumakoka mpweya pamene sipayenera. Zikatero galimoto imanjenjemera ikaima, imamwa mafuta ngati chidakwa, imazima pamaloboti akumbuyo akuliza mahutala. Kabowo kake sikaoneka wamba, kamangoimba kamluzu kakang'ono pansi pa phokoso lonselo. Magalaja amakono ali ndi makina opopera utsi posaka kabowoko, koma Weng ankati zimenezo n'za aulesi. Iye ankangotenga chidutswa cha paipi, mbali ina kukhutu, inayo n'kumaiyendetsa pa injini atatsinzina. Oyendetsa matakisi ankachoka kutali kudzafuna khutu limenelo, ndipo popanda ilo kagalajako sikakanasiyana ndi khumbi losungira zitsulo.

Chaka chimenecho anatopa. Msana unkakana kuwerama, kutentha kunkamufoola, ndipo anzake a matakisi anatha mmodzimmodzi: ena kupuma ntchito, ena kumanda, ena kwa anyamata a makina aja. Anangotsala Kang, mkulu wamimba amene anayamba kubwera onse tsitsi lidakali lakuda. Tsiku lina masana, takisi ya Kang inalowanso ikunjenjemera.

"Achimwene, mapaipi mwandisinthira angati kodi?" anatero Kang akupukuta thukuta. "Mwezi wonse uno ndine mlendo wanu. Dzulo yandizimira paloboti, mayi amene ndinanyamula n'kutsika, akundiyang'ana ngati ndawabera."

"Galimoto yakalamba ngati mwini wake. Tsegulani boneti, musandisokose."

Weng anawerama, paipi kukhutu. Kamluzu kaja anakamva nthawi yomweyo, kumanzere. Anasunthira kumanzereko, kali pompo. Anabwerera kumanja, kali pompo. Anakasaka choncho mpaka thukuta kudontha pa injini, mtima ukumuwawa, chifukwa kale ntchito ngati imeneyi inkatha tiyi asanazizire.

A-kiau anatulukira m'chipinda chakumbuyo atanyamula mbale ya zakudya zamasana, n'kuima kumuyang'ana.

"Inu, ndakuitanani kangati? Mpunga wazizira."

"Sunandiitane."

"Mwamva, a Kang? Dzulo galimoto yotola zinyalala inadutsa nyimbo yake yoitanira anthu ili pamwamba, msewu wonse kuthamanga ndi matumba. Awa ali khale pakhomo, thumba lili pamapazi."

"Ndimaganiza zina."

"Zina ziti, inu? Makutu atha awo!"

Mayiyo anaika mbale pansi, n'kupita pakashelefu kofiira ka mulungu wa malo, pamene ankayatsa lubani m'mawa uliwonse. Anayatsa kamtengo kamodzi ka lubaniyo, anawerama pang'ono kupepesa, n'kubwera nako kuinjini.

"Zamulungu zimenezo ukuzitengera kuti?" anakalipa Weng.

"Nayenso watopa kukuonererani. Sunthani."

Anayendetsa kamtengoko pang'onopang'ono m'mbali mwa mapaipi, monga ankaonera apongozi ake akuchita kalekale. Utsi unkangobalalika. Koma atafika kumbuyo kwa injini, unapindika n'kulowa wonse pamalo amodzi, ngati pali wina akuuyamwa. Kang anasendeza mutu.

"Eee, ndi apa! Ngakhale ine ndikukamva, kakuti tsiii!"

Panali pomwe Weng anadutsitsapo paipi yake mobwerezabwereza. Anachita manyazi kwambiri. Anadula labala watsopano, anamanga, ndipo injini inakhazikika bwinobwino, osanjenjemeranso. Kang anaomba m'manja, nati mayiwa apatsidwe ovolosi.

"Dikirani," anatero Weng, atakweza dzanja. "Padakali pena. Ndikukamva ine."

"Achimwene, galimoto yachira iyi."

"Ndati padakali pena!"

Kang anayang'ana A-kiau, kenako analowetsa dzanja pawindo n'kuzimitsa injini. M'galaja munangoti zii. Weng anaima chilili, paipi ili lende m'dzanja. Injini yazima, lamba waima, koma kamluzu kaja kankaimbabe. Anayenda mpaka pakhomo, kanamutsatira. Anatseka khutu lamanzere ndi chala, kanakulirako. Apa m'pamene anazindikira chimene wakhala akusaka mwezi wonse, akuvula mapaipi abwinobwino m'galimoto ya mnzake.

"Inu simukumva kanthu?" anafunsa motsitsa mawu.

A-kiau, amene pakamwa pake sipasowa mawu, anangotola mbale ija n'kuivundikira. Weng anakhala pansi pa tayala lakale, ndipo kutopa kwa zaka zonsezo kunamugwera nthawi imodzi. Sanakwiye, mphamvu zokwiyira analibe.

Kang anatseka boneti mosamala, anazungulirazungulira, kenako anayesa kuseka.

"Basi, achimwene, zatheka. Nanga oilo ndidzabwere liti kudzasintha?"

Weng anayang'ana manja ake akudawo.

"Oilo bwerani tsiku lililonse," anatero. "Koma ikadzayambanso kunjenjemera, mudzapite kwa anyamata a makina aja."