Mankhwala amene ndinasiya chifukwa cha vesi la pafoni

Chifuwa chinayamba mu Epulo, nthawi yosankha fodya. Ndimalima kuseri kwa Kasakula, ndipo aliyense amene wakhalapo m'chigafa akudziwa kuti fumbi la fodya limatsokomoletsa, choncho sindinachilabadire. Pofika Meyi ndinkadzuka malaya atanyowa ndi thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Chakudya sichinkalowa, ndipo lamba ndinachita kuboola bowo lina.

Ndimakhala ndekha. Mayi a kunyumba anatsogola zaka zinayi zapitazo, ndipo mwana wanga Tiyamike amagwira ntchito ku Lilongwe. Iyeyu ndiye anandigulira foni yamakono kuti tizilankhulana. Mnzanga wina anandilowetsa m'gulu la mapemphero la pafoni, la anthu ambirimbiri amene sindinawaonepo ndi maso. M'mawa uliwonse kunkabwera vesi limodzi lolembedwa pa chithunzi chokongola, kenako mawu ojambulidwa a mlaliki amene tinkangomutcha Munthu wa Mulungu. Sindibisa, m'nyumba yopanda wolankhula naye mawu amenewo ankandichotsa kusungulumwa.

Mu Juni ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono. Anandipatsa kabotolo koti ndiikemo makhololo, ndipo patapita masiku atatu anandiuza kuti ndi chifuwa chachikulu. Adokotala anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, matendawa amachizika, koma mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi. Mudzayamba kumva bwino msanga. Pamenepo musadzasiye."

Masabata oyambirira anandiuza kuti ndisamakhale m'gulu la anthu, motero ndinaleka kupita kutchalitchi. Anansi ankandipatsa moni ataima kumsewu. Sindiwaimba mlandu, koma masiku ankatalika. Ndinkakhala pakhonde kuyang'ana mapiri, foni ili m'manja.

Pofika Ogasiti thukuta linasiya ndipo thupi linayamba kubwerera. Tsiku lina m'mawa kunabwera vesi la m'buku la mneneri wina lonena za machiritso amene tili nawo mwa mabala a Ambuye. Mlalikiyo anamasulira kuti munthu amene amameza mapiritsi tsiku ndi tsiku akuvomereza yekha kuti mtanda sunakwanire. Ndinamvetsera katatu. Ine ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndipo ndinkadziwa kuti vesi siliwerengedwa palokha. Koma ndinali nditatopa ndi mankhwala, ndipo ndinkafuna kukhala ndi umboni wa machiritso ngati anzanga a pagulupo. Ndinaika mapiritsi pamwamba pa kabati, n'kulemba pagulu kuti ndachiritsidwa. Tsiku lonse foni inkangolira ndi ma Ameni. Alangizi a zaumoyo anabwera kawiri kudzandiona, ndipo kawiri konseko ndinawanamiza kuti ndikumwa.

Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, ndinali kumunda kubzala chimanga. Ndinatsokomola, ndipo zimene zinagwera pamzere zinali magazi. Ndinakhala pansi. Ndili pomwepo ndinalemba pagulu kupempha thandizo. Yankho linabwera limodzi, lakuti ndisavomereze matenda chifukwa chikhulupiriro changa chikuyesedwa. Kenako kunabwera nyimbo ndi zithunzi zina, uthenga wanga n'kukwiririka. Wakabaza ndiye ananditengera kuchipatala chachikulu ku boma la Ntchisi, nditamugwira m'chiuno njira yonse kuopa kugwa.

Anandigoneka masabata atatu. M'chipinda cha odwala chifuwa mazenera sankatsekedwa, ndipo mphepo ya m'mapiri inkalowa tsiku lonse. M'mawa namwino ankabwera ndi mapiritsi, kenako phala, kenako kudikira adokotala. Lolemba lililonse tinkakwera sikelo. Nthawi yoona odwala ikakwana, anzanga ankalandira abale awo, ine ndinkatembenukira kukhoma. Tiyamike anabwera Loweruka loyamba atavala masiki. Sanandikalipire. Anangosiya bulangeti, sopo ndi Baibulo lakale la mayi ake limene anakalitenga kunyumba, n'kubwerera kuntchito Lamlungu.

Chimene chinandivuta kwambiri chinali kudikira. Adokotala anati chifukwa ndinadukiza mankhwala, ayenera kuyeza ngati tizilombo sitinafike posamva mankhwalawo, ndipo ngati zili choncho chithandizo chikhala chachitali ndi chowawa. Ndinadikira masiku angapo. Mkati mwa masiku amenewo bambo amene ankagona pabedi loyandikana ndi langa anamwalira masanasana, ndipo pofika madzulo pabedipo panali patagona wina.

Pafupi ndi bedi langa panalibe potchajira, foni inathima. Ndinatsegula Baibulo lija n'kupeza vesi limene linandisiyitsa mankhwala. Ndinawerenga mutu wonse, ndipo ndinaona kuti ukunena za machimo athu ndi mavuto a Mpulumutsi, osati za mapiritsi anga. Ndinabwerera m'mbuyo m'buku lomwelo mpaka ndinafika pa nkhani ya mfumu ina imene inadwala, n'kupemphera ndi misozi. Mulungu anamva pempherolo, komabe mneneri analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake. Pemphero ndi mankhwala zinali pa tsamba limodzi. Nkhani imeneyi ndinailalikirapo kale ine mwini, koma pafoni sinabwerepo.

M'mawa wotsatira ndinaulula kwa namwino, mayi wachikulire, chifukwa chenicheni chimene ndinasiyira mankhwala. Iwo anati, "Abambo, inenso ndimapemphera ndisanayambe ntchito. Ndikati Ameni ndimatsegula kabati ya mankhwala. Imwani ndione."

Zotsatira zinabwera zakuti mankhwala akadagwirabe ntchito, koma ndinayenera kuyambiranso poyambirira. Anandimasula mu Disembala. Ndinamwa osaphonya tsiku mpaka Meyi, ndipo makhololo omaliza anapezeka opanda tizilombo.

Nditafika kunyumba ndinalemba pagulu lija kuti umboni wanga wa Ogasiti unali wabodza, kuti ndinatsala pang'ono kufa, ndipo kuti aliyense amene ali pa mankhwala asasiye. Lisanafike dzuwa pamutu anali atandichotsa m'gulumo. Madzulo ake anandiimbira mayi wina wa ku Chisepo amene sindimudziwa. Anati nayenso anasiya mankhwala a kuthamanga kwa magazi atawerenga umboni wanga woyamba uja, ndipo mutu ukumupweteka. Ndinamuchonderera kuti apite kuchipatala mawa lake, ndipo anapitadi. Za ena amene anawerenga koma sanaimbe, sindikudziwa, ndipo zimandilemera mpaka lero.

Panopa ndili bwino, ngakhale adokotala anati phapu lakumanzere linatsala ndi zipsera. Chitunda chopita kutchalitchi ndimapuma kawiri ndisanachimalize. Fodya ndinasiya, ndikulima soya ndi chimanga. Ndimakhalabe ndekha, koma Lachitatu lililonse timakumana anthu asanu kwa neba wanga n'kuwerenga mutu wathunthu wa m'Baibulo, wina akalakwitsa timamufunsa ali pomwepo.

Ngati mwatsokomola masabata awiri, pitani mukayezetse, musadikire magazi ngati ine. Mukapatsidwa mankhwala, malizani onse. Ndipo munthu akakutumizirani vesi loti musiye chithandizo, tsegulani Baibulo muwerenge zimene zili pamwamba ndi pansi pa vesilo, kenako mufunse munthu amene angathe kubwera kudzakuonani mukagona m'chipatala.