Chipinda Chopanda Mzere

Mwana wanga wamwamuna atanditumizira tikiti ya ndege kuti ndikakhale nawo pa ubatizo wa mdzukulu wanga ku Lisboa, anangonena pa foni kuti, "Amama, musade nkhawa, ndakonza zonse." Munthu ameneyo salongosola kanthu kuyambira ali mwana. Ukamutuma kumunda kukaona ngati anyani alowa, ankabwera n'kunena kuti zili bwino, iwe ukapita n'kupeza chimanga chili mbwee pansi. Ndikanayenera kufunsa kuti zonsezo ndi ziti, koma sindinafunse.

Panali patapita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanamuone. Ubatizo unali Lamlungu, ine ndinanyamuka ku Malowera Lolemba: njinga yamoto mpaka ku Fingoe, lole mpaka ku Tete, ndege mpaka ku Maputo, kenako ndege ina yaikulu imene inakanditula m'mawa m'dziko lina la pakati, kumene ndinayenera kudikira maola asanu ndi anayi. M'chikwama cha m'manja ndinaika nsalu ya kapulana yoberekera mwanayo, korona yopempherera, ndi mtedza wokazinga m'kabotolo.

Ndinanyamulanso chinthu china chimene sindinauzepo munthu. Titabwerako ku Zambia nkhondo itatha, mabuku a kubadwa kwathu anali atapsa. Mlembi amene ankatilembanso anandiyang'ana kumaso n'kulemba chaka chimene anaganiza yekha, ndipo anandichotsera zaka zinayi. Nditayesa kumuwongolera anati, "Sinyora, kumbuyo kwanuko kuli anthu." Bodza limenelo linachoka pa bilyeti, chiphaso changa cha boma, n'kukwera pa pasipoti. Kumudzi silinandivutitsepo, koma amayi anzanga a kutchalitchi anali atandiuza kuti makina a pabwalo la ndege amaona munthu mpaka m'mafupa.

Ndiye tangoganizani. Ndikutuluka m'ndege pamodzi ndi anzanga, pakhomo ndikupeza mayi wovala yunifomu atanyamula kabolodi kolembedwa dzina langa. Langa lokha, pa anthu onse aja. Ndinaima pomwepo. Ku msasa wa othawa nkhondo ndinaphunzira chinthu chimodzi: munthu wabwinobwino amaima pa mzere, ndipo amene waitanidwa dzina n'kuchotsedwa pa mzerepo, ameneyo ali ndi mlandu. Ndinaganiza zongodutsa ngati sindidziwa kuwerenga, koma maso athu anali atakumana kale. Anamwetulira, analankhula Chingerezi, nanditengera chikwama. Ine ndinamuyankha m'Chipwitikizi, iye anamwetuliranso. Kumwetulira kumeneko n'kumene kunandiopsa kwambiri, pakuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo ine sindinafune kukhala mbuziyo.

Anzanga onse anakhotera kumanzere. Ife tinakhotera kumanja, tinakwera chikepe, tinafika pa chitseko chagalasi chimene chinatseguka chokha. M'kati munali tebulo lalitali ndi anthu awiri a yunifomu. Mmodzi anatenga pasipoti yanga, anaigoneka pa makina, makinawo analira kamodzi. Ndinati basi, aziona zaka zinayi zija. Anandibwezera pasipotiyo ndi manja awiri, ndipo mayi uja anandilozera mpando. Ndinaganiza kuti akopera zonse, tsopano akufunsa ku Maputo.

Koma ndende yake inali yotani imeneyi? Pansi panali kapeti yoti phazi linkamira. Maluwa anali enieni, ndinawatsina kuti nditsimikize. Mipando inali yaikulu kuposa bedi langa, ndipo kunali zii, kupatula kanyimbo kena kochokera kudenga kamene sikankatha. Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama pamiyendo. Foni yanga inalibe netiweki. Ndinayamba kuyang'ana anzanga ogwidwa. Bambo wina wa suti ankayendayenda uku akukalipa pa foni, ndinati ameneyu akuitana loya. Mayi wina anagona atadzimanga kansalu kakuda m'maso, ndinati ameneyu wataya mtima. Ena ankayang'ana foni, n'kunyamuka, n'kutuluka popanda wowaletsa, ndipo ndinkawasirira kuti mlandu wawo watha. Chinandidabwitsa n'chakuti onse ankaoneka olemera. Ndinadzifunsa kuti kodi olemera nawonso amanama zaka?

Kenako kunabwera bambo wovala zoyera ndi kansalu kotentha pa kambale. Ndinaona mmene wina anachitira, nanenso ndinapukuta m'manja. Mtima unakhalako pansi pang'ono, chifukwa kwathu ukasambitsidwa m'manja ndiye kuti chakudya chili m'njira. Ndinadikira. M'malo mwa mbale, bamboyo anabwera ndi chikalata cholimba cha masamba awiri, atagwira cholembera. Apo ndinadziwa kuti akufuna ndisaine. Malemu mwamuna wanga ankati pepala limene sukulimva usaliyandikire, choncho ndinapukusa mutu mwamphamvu. Bamboyo anawerama pang'ono n'kuchoka. Anabweranso kawiri tsiku limenelo, ndipo kawiri konse ndinamukanira. Ndinkadziona ngati munthu wochenjera.

Chakudya chinalipo, ndisaname. Chinali pa matebulo atatu kutsogolo kwanga, chowala ndi nyali. Panali buledi wa mitundumitundu, mazira, mpunga wachikasu, nyama yankhosa, nkhanu zikuluzikulu pa madzi oundana, zipatso zosenda kale, makeke ang'onoang'ono ngati mabatani, ndi nsomba ina yofiirira yodulidwa mopyapyala ngati masamba. Anthu ankangonyamuka, kutenga mbale, kudzipakulira. Panalibe wogawa, panalibe khadi, panalibe mzere. Apa mutu wanga unaima. Ngati ndi msasa, wogawa ali kuti? Ku Zambia munthu amene anatenga ufa popanda khadi ankafufutidwa m'kaundula. Ngati ndi nyumba ya munthu, mwini wake ndani, ndipo bwanji sakutuluka kudzalonjera alendo? Ine mayi wamkulu ndi imvi zangazi sindikanatha kuvundukula mphika wa eni popanda wondiuza kuti idyani. Ndipo ngati ndili pa mlandu, kodi si njira yondiyesera kuti aone ngati ndilinso wakuba?

Ndinapemphera korona yonse, ndinaibwereza. Dzuwa linakwera pa zenera, ndege zinkanyamuka imodzi ndi imodzi, ndipo iliyonse ndinkaiyang'ana ndi kuganiza kuti mwina ndi yanga imeneyo. Ndinaona mdzukulu wanga akuthiridwa madzi ine kulibe. Ndinaona ndikutsika pa njinga yamoto ku Malowera, kapulana ili yosafunyulula, amayi a kutchalitchi akufunsa kuti nanga mwabwerako kale. Ndinachita mantha, ndinakwiyanso, koma osadziwa womukwiyira.

Masana mayi wina anabwera ndi mkanjo woyera ndi thaulo, akulozera ku kakhonde, akuchita ndi manja ngati madzi akugwa pamutu. Tsiku limene tinafika ku msasa anatisambitsanso n'kutipatsa mabulangete, ndipo tinakhalako zaka zisanu. Ndinamuuza m'Chinyanja chenicheni kuti, "Ayi mwanawe, ine sindikhalitsa kuno." Anamwetulira nayenso. Anthu a malo amenewo kumwetulira anachita kukuphunzira kusukulu.

Njala itafika pondizunguza mutu, ndinapita kuchimbudzi, ndinadzitsekera, ndinatsegula kabotolo kanga. Chimbudzicho chinali choyera kuposa mbale zanga za alendo, komabe chinali chimbudzi. Ndinadya mtedza nditaimirira, ndikutafuna pang'onopang'ono kuti asamve. Ndinamwa madzi a pa mpope ndi dzanja, mpope wake wovuta umene unkasiya kutuluka ndikangoyandikiza pakamwa. Ndinabwerera pa mpando wanga ndi kupitiriza kuyang'ana matebulo aja. Pofika madzulo ndinkadziwa mbale iliyonse pamene inali ndi nthawi imene ankaisintha.

Dzuwa litapendeka, mayi wa kabolodi uja anabwera n'kuima patsogolo panga. Ndinati chigamulo chafika, bola ndiyambe ndine. Ndinaimirira, ndinagwira chikwama pachifuwa, ndinamuuza zonse m'Chipwitikizi. Ndinati zaka zinayi sindinabe ine, anachotsa ndi mlembi. Ndinati ngati pali chindapusa mwana wanga adzalipira, koma andilole ndikaone ubatizo, pobwerera adzandigwire. Anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pambali. Kenako anandisisita paphewa, analoza wotchi yake, n'kutenga chikwama changa.

Panja panali kagalimoto kopanda zitseko. Anandikweza, tinadutsa m'makonde aatali, mpaka tinafika pamene anthu ambirimbiri anaima pa mzere ndi ana ndi katundu. Ndinafuna kutsika kuti ndikaime kumapeto, mayiyo anandigwira mkono n'kundipititsa kutsogolo kwa onse. Ndinkangoti pepani, pepani, kwa anthu osamva chilankhulo changa. Posakhalitsa ndinapezeka ndili m'ndege, lamba ali m'chiuno. Ndinaganiza kuti mwina akundibweza ku Maputo, mpaka ndinamva mawu akuti Lisboa kuchokera kudenga. Ndinalira mwakachetechete. Ndinkakhulupirira kuti mayi uja wandimvera chisoni n'kunditulutsa mozemba, ndipo ndinamupempherera kuti asachotsedwe ntchito.

M'mawa mwake mwana wanga anandikumbatira pabwalo la ndege mpaka nthiti kupweteka. Wanenepa, ndipo tsitsi layamba kuchoka ngati bambo ake. Tisanafike n'komwe pa galimoto anayamba kufunsa, nkhope ili ngwee ngati mwana wobisa mphatso kumbuyo.

"Amama, nanga sala ija? Munaiona bwanji?"

"Sala iti?"

"Ija anakupititsani, chipinda chodikiriramo ndege chija. Ndi ya anthu a primera kalasi imene ija, mabwana okhaokha. Ndinachita kuwachonderera a kuntchito kuti andithandize. Ndinati muchite kudabwa."

Ndinatembenuka kumuyang'anitsitsa. Iye sanaone, maso anali pa makiyi.

"Mukukumbuka munkandiuza za bisha, mzere wa ufa uja ku kampu ya ku Zambia? Kuti munkaima kuyambira m'mamawa, ine ndili kumsana, mukafika kutsogolo n'kupeza watha? Ndinkafuna tsiku limodzi lokha mukhale pamalo pamene palibe bisha. Mungonyamuka, mutenge chimene mtima wafuna." Anatsegula galimoto, tinalowa. "Ndiye munadya chiyani? Ndiuzeni zonse."

Ndinamuyang'ana mwana ameneyu, amene ndinkamutafunira chimanga chokazinga kuti asalire pa mzere. Choonadi chinali pakamwa, pamodzi ndi mawu ena owawa okhudza anthu osalongosola zinthu. Ndinameza zonse.

"Ndinadya mpaka kutopa," ndinatero.

Ndipo ndinamuwerengera, kuyambira tebulo la kumanzere. Buledi, mazira, mpunga wachikasu, nkhosa, nkhanu, timakeke. Sindinaphonye mbale ngakhale imodzi, pakuti ndani ankazidziwa kuposa ine? Iye ankaseka, akumenya chiwongolero, misozi ili m'maso. Anafunsa chimene chinandikomera koposa, ine ndinatchula nsomba yofiirira ija, chifukwa ndi imene ndinaiyang'ana nthawi yaitali.

Lamlungu mdzukulu wanga anabatizidwa, ndipo ndinamubereka ndi kapulana ija kuchokera kutchalitchi mpaka kunyumba. Pa chakudya mwana wanga anatuluka kukhitchini ndi mbale imodzi yapadera, naiika patsogolo panga pamaso pa alendo onse. "Iyi ndi ya amama okha, amaikonda," anatero. Inali nsomba ija. Ndinaika kachidutswa m'kamwa n'kupeza kuti ndi yozizira, yoterera, yosaona moto chibadwire. Ndinakweza maso, iye anali chiimire pambali panga akudikira. Ndinaidya yonse.