Chule wa Chipewa pa Khoma Lathu

Fungo la dothi lonyowa limandibwezera ku komboni ya pafamu ya fodya kufupi ndi Darwendale, kumene ndinabadwira. Sindikunena fungo la mvula ayi. Ndikunena dothi lofiira limene amayi ankakanda m'beseni, chilimwe chimene a Zuze anatitsekera pompi ya madzi.

A Zuze anali foromani wathu, bambo wamfupi, mimba kutsogolo, ndipo sankavula chipewa chawo cha khaki chokhala ndi nthenga ya nkhanga m'mbali. Chaka chimenecho kunatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Iwo anati madzi a m'komboni akufunika ku nazale ya fodya, n'kumanga pompi ndi tcheni ndi loko, kiyi n'kukoleka m'chiuno. Linali bodza lamkunkhuniza. Nazale inali ndi paipi yakeyake. Pompi ankaitsegulira ana awo okha, kuti azithirira repu ndi tomato m'dimba lawo kuseri kwa mabani oumitsiramo fodya. Ife tinkatunga kudamu, madzi obiriwira onunkha ndowe, mpaka mlongo wanga Esinati anayamba kukodza magazi.

Ine mtima wapachala ndinabadwa nawo. Ndinatola mwala n'kugenda malata a nyumba ya a Zuze masana dzuwa likuswa mtengo. Abambo anandikwapula, kenako anandikhazika pansi n'kundiuza kuti pafamu ukachotsedwa ntchito, nyumba nayo wailuza. Ku Malawi kumene tinkati n'kwathu, palibe wa ife anali atapondako.

Amayi anangondituma dothi lofiira la pachulu, makala ndi phulusa loyera, ndipo anasunga madzi otsukira mbale. Ndinawasinjira makala pamwala mpaka manja anga anachita bii. Anasankha khoma loyang'ana njira yopita kumunda, n'kuyamba kujambula ndi chala ndi kansanza, lilime ataliluma pang'ono monga ankachitira posoka. Panatuluka chule wamkulu, wotupa mimba, atakhalira pompi. Pansi pake panali tinkhuku titayasamula kukamwa. Pomaliza anamukoleka kiyi m'chiuno, n'kumuveka chipewa, n'kukoka kamzere kamodzi m'mbali. Nthenga ija.

M'mawa anthu opita kumunda anaima panjira, makasu ali paphewa. Palibe anatchula dzina. Achinyamata achishona ankangoti "datya, datya," ndiye kuti chule m'chiyankhulo chawo, uku akugwirana mapewa ndi phwete. Mkazi wa a Zuze yemwe anadutsa atatseka kukamwa ndi nsalu, koma mapewa ankagwedezeka. Abambo tsiku limenelo sanadye, anangokhala pachitsa atagwira tsaya.

Sabata isanathe, achule anaswana. Khoma lililonse loyang'ana njira linali ndi wake. Wa mai Chipo, oyandikana nafe, ankaoneka ngati kamba, wina anali ndi miyendo isanu, koma chipewa ndi nthenga sizinkasowa.

A Zuze anabwera kwathu opanda chipewa, ndipo kanali koyamba kuona kuti anali ndi dazi. Analanda khasu kwa mnyamata wina n'kuyamba kupala khomalo. Dothi linagwa, koma malo opalawo anatsala oyererako, chule yemwe uja, atangonenepa kuposa kale. Amayi a m'komboni anali atasonkhana chapatali, ana kumsana. A Zuze anataya khasu, thukuta kamukamu, n'kulamula kuti zonyansazi zifufutidwe, apo ayi wina asamuka. Ine ndinali nditatola kale mwala wina. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kugwada monga ankagwadira akuluakulu.

"Tifufuta, a Foromani, ife sitikana," anatero ndi mawu otsika. "Koma kuzira khoma kumafuna madzi. Ndipo makomawa, mukuonanso nokha, ndi ambiri."

A Zuze anayang'ana mzere wonse wa nyumba, achule akuwayang'ananso. Madzulo asanafike tcheni chinali chitachoka.

Ndimakumbukira phokoso la madzi akugwera m'ndowa yopanda kanthu, ndi kuzizira kwake pakhosi. Amayi a m'komboni anazira makoma aja mosathamanga, lero la uyu, mkuja la uyo, ena n'kumati dothi silinagwire bwino, afunika kubwereza. Lathu linali lomaliza, ndipo amayi analizira mvula yoyamba itagwa kale. Loko sanabwererenso. Esinati analandira mankhwala kukiliniki n'kuchira, pano ndi gogo wa zidzukulu zake.

Nthawi imeneyo ndinakwiya nawo amayi. Ndinkaona ngati tagonja: kugwadira munthu woipa, kenako n'kufufuta chule wokongola chotero. Zinanditengera zaka, ndi ntchito zingapo zimene ndinaluza chifukwa cha kukamwa kwangaku, kuti ndimvetse. Mwala wanga a Zuze akanatha kukaunena kwa mzungu mwini famu. Chule sakanatha kukamunena, chifukwa mzunguyo akanafunsa za kiyi wa pompi imene inatsekedwa iye osadziwa. Ndipo amayi sankafuna chule, ankafuna madzi.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anandijambula kuseri kwa kope lake: nkhukundembo yofiira khosi, itavala jekete langa, ikukalipira mbale. Magazi anakwera kumutu, ndinatsegula pakamwa. Kenako ndinamva kafungo ka dothi lija. Ndinakhala pansi, n'kumufunsa kuti pakhomo pano ndatseka chiyani.