Kompyuta Yoyembekezera ndi Wotchi ya ku Fakitale

Ndinabwerera ku esiteti imene ndinabadwirako nditabereka laputopu pamsana, pomwe amayi anga ankaberekapo dengu la tiyi. Matama ndinali nawo, sindikana. Sukulu ya zamakompyuta ndinali nditangomaliza ku Blantyre, ndipo ndinkayenda m'kanjira ka pakati pa minda ngati tiyi yense uja akundiyang'ana ine. Amayi anali atapuma kale ntchito n'kubwerera kumudzi cha ku Kapichi. Ponditsanzika sanandilangize zambiri. Anangobwereza mawu awo a masiku onse, akuti iwo zaka zonse zimene anatchola tiyi sanabwezedwepo pageti chifukwa chochedwa, ndiye ine ndisakawachititse manyazi.

Anandilemba ntchito mongondiyesa kwa miyezi itatu. Amanejala anandiuza vuto lawo mwachidule. Akalaliki a m'madivishoni ankalemba malipoti pamapepala, ndipo madzulo aliwonse njinga yamoto inkazungulira kutolera mapepalawo. Nthawi ya mvula, tiyi akachuluka, mapepala ankafika atanyowa, inki itayenderera, ena osafika n'komwe. Iwo ankafuna seva, malo amodzi pomwe akalaliki onse aziika malipoti, kutumizirana makalata ndi kuona ndondomeko ya ntchito, aliyense ali pakompyuta ya mu ofesi yake.

"Mvula ikamayamba zikhale zikuyenda," anatero. "Zikakanika tiitana kampani ya ku Blantyre, ndiye inuyo…" Sanamalize, koma ndinamva.

Kompyuta yamphamvu pa esiteti yonse inali imodzi yokha, ndipo inali kale ndi pulogalamu ya kusikelo imene sinkayenera kusokonezedwa. Choncho ndinaganiza zomanga kompyuta ina m'kati mwa yomweyo, yosaoneka ndi maso, yodya gawo la mphamvu za inzakeyo koma yokhala ndi moyo wakewake. Ife a ntchitoyi timangoti viyemu. Makinawo ankakhala ku fakitale, mu ofesi ya mkulu wa akalaliki, chifukwa ndi chipinda chokhacho chimene chinali ndi zitsulo pazenera komanso chingwe cha jenereta.

Mkulu wa akalalikiyo anali bambo wachikulire wa mpingo wa Sabata, kwawo cha ku Makwasa, wa malaya oyera ndi zolembera zitatu m'thumba. Buku la olowa ntchito m'mawa linali m'manja mwawo kuyambira ine ndisanabadwe. Tsiku loyamba anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mphumi yangayi akuidziwa, ndi ya amayi aja a kulayini ya kumunsi, kunyumba za antchito kuja. Nditawafotokozera za viyemu, anavula magalasi.

"Ndiye kuti makinawa ndi oyembekezera?"

"Tingatero, bambo."

"Zikomo. Tiziwagwira bwinobwino, mayi wapakati sadzidzimutsidwa."

Kuika pulogalamu ya sevayo inali ntchito ya thukuta. Isanalowe inkafuna tizipulogalamu tina tiyambe talowa, ndipo tizipulogalamuto tinali pa intaneti, pomwe netiweki ya kwathu imabwera ngati mlendo wamanyazi, kusuzumira n'kubwerera. Ndinali nditalumikiza makinawo ku intaneti kwa nthawi yoyamba chiwagulireni. Fayilo inkatsika mpaka kutsala pang'ono n'kuduka. Itatsika yonse, pulogalamu inakana kuti memore ndaipatsa yochepa. Nditawonjezera, inakana kuti sikuiona nkhokwe yake yosungiramo zinthu, nkhokwe imene ndinali nditaimanga ndekha dzulo lake. Ndinkatukwana chamumtima, chifukwa pamaso pa bambo aja munthu sukanayerekeza. Ndikadutsa pamalo povuta ndinkajambula chithunzi cha viyemu yonse, kuti zikasokonekera ndibwerere pomwepo osati kuyambiranso. Iwo ankati kumeneko ndiye kusunga mbewu.

Tsiku limene tsamba loyamba linatseguka, dzina la esiteti lili pamwamba, ndinalulutira mu ofesi ya eni ake. Bambo aja anatumiza uthenga kukhitchini kuti tiyi wa lero abwere wa giredi yoyamba, wopita kunja uja, osati fumbi limene tinkamwa masiku onse. Tsiku lomwelo ndinawapatsa pasiwedi ya makina aakuluwo, kuti magetsi akazima ine kulibe azithimitsa mwadongosolo, kuyamba ya m'kati kenako yakunja. Anailemba m'kabuku kawo n'kuwonjezera pansi pake kuti mwana ayambe wagona, mayi pambuyo.

Lachisanu lililonse ndinkakwera thirakitala kuzungulira madivishoni, kuphunzitsa akalaliki. Masiku amenewo ndimawakumbuka ndi chimwemwe. Anthu amene ankawerenga madengu mwamphezi ankasaka chilembo chimodzi ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Kalaliki wina anatumiza moni wa m'mawa kwa esiteti yonse mosadziwa, ndipo esiteti yonse inamuyankha, aliyense kufunsanso za ana ndi za kunyumba, mpaka amanejala. Ndinkabwerako ndi nthochi, mapeyala, tsiku lina kalongonda wa m'kambale.

Kenako zinayamba. Lachisanu lina chakumasana ndili ku divishoni ya kumtunda, kompyuta inakana pasiwedi ya kalaliki. Ndinamuseka kuti walakwitsa zilembo, ndinalemba yanga, inakananso. Mafoni anayamba kulira kuchokera konsekonse. Loweruka, limene timagwira theka la tsiku, zinali chimodzimodzi. Lolemba m'mawa ndinathimitsa makina onse n'kuwayatsanso, ndipo zonse zinayenda ngati palibe chachitika. Ndinadzitama kuti ndakonza.

Lachisanu lotsatira zinabwereranso, ndi linzake lomwe. Ndinanamizira netiweki, ndinanamizira jenereta, ndinakalipira akalaliki osalakwa. Ndinabwerera ku chithunzi chakale, osathandiza. Sabata ina ndinafafaniza viyemu yonse n'kumanga yatsopano, masiku atatu athunthu, koma Lachisanu litakwana nayonso inatseka chitseko. Njinga yamoto inayambanso kuzungulira, ndipo woyendetsa wake ankandiimbira hutala mwachipongwe. Kufakitale nthabwala inali itafala.

"Achemwali, seva yanuyi ndi ya Sabatatu iyi. Fulaide ikangokwana basi yaweruka, mpaka Mande. Ingoibatizani."

Ndinkaseka nawo mongodzikakamiza. Mitambo inali itayamba kuunjikana kuphiri, bingu likumveka patali, ndipo miyezi yanga itatu inali kutha. Amanejala anasiya kundifunsa, zimene zinandiopsa kuposa kufunsa. Ndinkaganiza za ulendo wobwerera kwa amayi ndi laputopu yanga, ndi zimene ndikanakawauza.

Loweruka lina ndinakhala ndekha mu ofesi muja, eni ake ali kutchalitchi, n'kutsegula buku limene seva imalembamo madandaulo ake. Ndinali nditaliwerenga kambirimbiri, koma ndinkangothamangira mawu, osayang'ana nthawi ya m'mbali. Tsikulo ndinayesa kulowa palaputopu yanga, inandikana, ndipo dandaulo latsopano linatuluka pomwepo. Linalembedwa kuti lachitika nthawi ya 9:25. Ndinayang'ana foni yanga, inali 9:10. Seva inali kudandaula za chinthu chimene chinali chisanachitike.

Apa mutu unatseguka. Seva yamtunduwu siilola munthu kulowa ngati wotchi yake ndi wotchi ya kompyuta ya munthuyo zasiyana kupitirira mphindi zisanu, poopa akuba. Makompyuta a m'madivishoni ankatenga nthawi pa intaneti. Viyemu inkatenga nthawi kwa mayi wake, makina aakulu aja, ndipo mayiyo anali patsogolo ndi mphindi khumi ndi zisanu. Ndikathimitsa n'kuyatsa Lolemba, mayiyo ankafunsanso nthawi pa intaneti n'kubwerera m'malo. Nditatukula maso ndinaona wotchi yaikulu ya pakhoma, imene amayang'ana poliza saileni yoyambira ntchito, nayonso ili pa 9:25.

Ndinapsa mtima kwambiri. Pasiwedi tinali nayo anthu awiri okha. Ndinafika mpaka pakhomo la amanejala, dzanja lili m'mwamba kuti ndigogode, koma ndinakumbukira tiyi wa giredi yoyamba uja. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinabwerera, n'kudikira Lachisanu.

Tsikulo ndinakwera thirakitala monga mwa nthawi zonse, koma ndinatsikira pamlatho n'kubwerera wapansi. Ndinaima pazenera. Bambo aja anali kukonzekera Sabata mwa chizolowezi chawo. Anapukuta tebulo, anasanja mafayilo, kenako anakwera pampando n'kutsegula galasi la wotchi ya pakhoma. Anaipiringa ndi kakiyi, anayang'ana ya pamkono pawo, n'kukankha muvi ndi chala. Atatsika anakhala pamakina aakulu, anatsegula kabuku kawo, n'kuyamba kulemba pasiwedi ndi chala chimodzi.

"Odi, bambo."

Sanadzidzimuke n'komwe. "Lowani mayi. Mwachita bwino kubwera. Makina anuwa ali ndi vuto, amatsalira. Mande iliyonse mukangowagwira amabwerera m'mbuyo fifitini minitsi. Ine sabata yonse ndimachita kutembenuzira sikirini kukhoma, mpaka Fulaide tsiku la mawotchi."

"Bambo, otsalira si makinawa. Wotchi yanuyo ndi imene ikuthamanga."

"Ndikudziwa. Ndimaithamangitsa ndine."

Anandiuza kuti nditseke chitseko. Kenako anafotokoza motsitsa mawu. Lamulo la esiteti linali lakuti saileni ikalira, buku litsekedwe, wochedwa abwerere kwawo tsiku limenelo. Iwo atangoyamba ntchito ankaona azimayi akuthamanga kuchokera kumidzi, mame mpaka m'mawondo, n'kubwezedwa chifukwa cha mphindi ziwiri. Ndiye anakankha wotchi ya pakhoma. Saileni inkalira msanga, anthu n'kuthamanga, koma buku ankatseka poyang'ana wotchi ya pamkono pawo, imene inkanena zoona. Lamulo silinaphwanyidwe, pakuti nthawi yeniyeni yoyambira ntchito inali yomweyo. Koma mawotchi awiri m'chipinda chimodzi sayenera kutsutsana, anatero, chifukwa kapitawo akalowa n'kuona sikirini ikunena zina, nkhani yatha.

"Masiku ano aliyense ali ndi foni, bambo. Anthu sadziwa?"

"Odziwa amadziwa, koma samanena. Saileni ikalira mwendo umathamanga wokha, sufunsa foni." Anapukuta magalasi. "Amayi anu aja ndiye ankabwera mochedwa kwabasi. Saileni yalira kalekale, iwo uko akutsetsereka, inu muli kumsana mutu ukugwedera, dengu lili m'manja. Ine ndimvekere kusakasaka cholembera, chonsecho ndili nazo zitatu."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Mkwiyo wonse unasungunuka. Nditawafotokozera zimene kukonza kwawoko kunkachita kwa mwana wa m'mimba uja, ndi kwa ine, anagwira pakamwa. Anaimirira n'kunena kuti apita okha kwa amanejala akaulule, mwana wa eni ake asachotsedwe ntchito chifukwa cha iwo. Ndinawagwira mkono kuti akhale pansi. Safunsa anadya phula, ndipo wosafunsayo ndinali ine, amene ndinalowetsa intaneti m'chipinda cha eni ake osafunsa kuti nthawi ya muno imayenda bwanji.

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi kuphweka. M'makonzedwe a viyemu muli kabokosi kakang'ono konena kuti mwana azitenga nthawi kwa mayi. Ndinachotsa kachizindikiro m'kabokosimo, n'kuuza viyemu kuti izifunsa yokha nthawi pa intaneti. Makina aakuluwo ndinawaletsa kufunsa aliyense, kuti azimvera bambo aja okha. Kuyambira pamenepo m'bokosi limodzi munakhala nthawi ziwiri, ya dziko lonse m'kati, ya esiteti kunja, popanda kukangana.

Lachisanu lotsatira ndinali ku divishoni ya kumtunda, mtima uli m'mwamba. Masana anadutsa, kalaliki analemba pasiwedi, tsamba linatseguka. Foni yanga sinalire. Loweruka malipoti onse analowa, ndipo a kufakitale anadandaula kuti seva yabwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro. Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, minda inaphukira yonse nthawi imodzi, ndipo njinga yamoto inapatsidwa ntchito ina. Amanejala pondipatsa kalata yonditsimikiza pa ntchito anafunsa kuti vuto linali chiyani. Ndinati inali nkhani ya wotchi, bwana, ndipo yakonzedwa. Sindinaname.

Kalatayo ndinapita nayo kumudzi Lamlungu. Amayi anaigwira ndi manja awiri, anaitana anansi, ndipo anavina pang'ono pabwalo, mawondo akuwawa choncho.

"Ndi magazi amenewo," anauza anthuwo. "Ine zaka zonse zija sindinabwezedwepo pageti ngakhale kamodzi. Kusunga nthawi watengera ine mwanayu."

"Zoona, amayi," ndinatero.

Bambo aja anapuma ntchito chaka chotsatira. Buku la m'mawa anasiyira kalaliki wina amene anamuphunzitsa okha kusakasaka cholembera. Ine anandiitanira pambali n'kundifumbatitsa kakiyi ka wotchi, kokulungidwa m'pepala la kabuku kawo. M'kalata yanga ya ntchito mulibe mawu amenewo, koma Lachisanu lililonse ndisanakwere thirakitala ndimatseka chitseko, ndimavula nsapato, n'kukwera pampando uja.