Pepala la Ubatizo la Abambo

Abambo anga ankaopa zinthu ziwiri zokha: njoka ya mphiri ndi kuyenda opanda pepala. Za mphiri aliyense angamvetse. Za pepala zinayambira ku Cuamba, akadali ndi mphamvu zawo. Anapita kukagulitsa fodya n'kuiwala kadeneta kunyumba, kabuku kaja kamene munthu wakuda aliyense ankayenera kuyenda nako. Sipayo, wapolisi wa boma la Apwitikizi, anawagwira pamsika n'kuwamenya mbalamatodya, thabwa lija lolangira anthu, m'manja, mpaka mlungu wathunthu amayi ankachita kuwadyetsa ngati khanda. Kuchokera pamenepo, pepala lililonse ankaligwira ndi manja awiri.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekeza pomwe munthu amayamba kulemba dzina lake. Ndiye zimene ndikunenazi si za ophunzira ayi. Ndi zimene ndinaona, ndipo mpaka lero ndimazitembenuzabe m'mutu ndikamapalira.

Nkhondo yofuna ufulu itafika kwathu ku Ngauma, asilikali a Chipwitikizi anabwera n'kunena kuti mudzi wonse usamuke, tikakhale mu waya kufupi ndi Mandimba. Mu waya munali nyumba zothithikana, zozunguliridwa ndi waya waminga, chipata chimodzi chokha. Anati titenge zimene mutu ungasenze. Anthu ankati ndi za mwezi umodzi basi, ndiye banja lililonse linakumba dzenje n'kukwirira zake. Ife tinakumba patsinde pa mango, kuseri kwa chigafa cha fodya. Tinaikamo makasu awiri, mbale zoyera za malemu amayi, nsalu yanga ya ukwati, ndi kachitini ka abambo. M'kachitinimo munali pepala lawo la ubatizo, limene padiri wa ku Massangulo anawapatsa.

Ndinati tilitenge. Anakana. Anati panjira pali mvula ndi asilikali osecha, ndipo pepalalo silinali la ulendo uno, linali la ulendo womaliza.

Mwezi uja unasanduka zaka zitatu. Mwamuna wanga anali atawolokera ku Malawi kukafuna ganyu, osabwerera, ndiye abambo ndinkawasunga ndine. Dzinja lachitatu chifuwa chinawagwira. Anayamba kutha tikuona, koma chimene chinkawazunza sichinali chifuwacho. Ankafuna pepala lawo. Ankati akamwalira tidzaliike m'manja mwawo, apo ayi akawabweza pachipata cha kumwamba.

Ndinaitana akatekista kuti awalankhule. Anayesetsa ndithu. Anati madzi a ubatizo safufutika, ndipo dzina lawo linalembedwa m'buku lalikulu ku mishoni. Abambo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo katekista, ku Cuamba kuja dzina langa linaliponso m'buku la boma. Sipayo sanafunse buku. Anafunsa pepala."

Akatekista anangokanda m'mutu n'kupemphera.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la mayi wina wa Chiyao, Msilamu, amene kale ankagulitsa nsomba zouma. Pakamwa pake panali pakuthwa, koma mchere tinkabwerekana. Atamva nkhaniyi anaseka n'kufunsa ngati Mulungu wathu nayenso analemba masipayo ntchito. Koma m'mawa mwake ndi yemweyo amene anandipeza nati tipite kumudzi tikakumbe, nayenso akufuna kukaona ngati chinangwa chake nguluwe zinasiyako.

Kutuluka mu waya kunkafuna giya, kapepala kosonyeza kumene ukupita ndi nthawi yobwerera. Tinapatsidwa ka tsiku limodzi, dzuwa lisanalowe tikhale titabwerako. Sitinayende m'njira, chifukwa m'njira ndi momwe munkakhala mabomba okwirira. Tinkadutsa m'mizere ya minda yakale, mnzangayo patsogolo, ine n'kumaponda pomwe waponda. Iye ankanong'ona mapemphero ake, ine anga. Anati zili bwino choncho, Mulungu wa wina akagona wa winayo amva.

Mudzi wathu sindinauzindikire. Nyumba zinali zitapsa kalekale, udzu kupitirira mutu. Koma mango analipo. Tinakumba ndi chikwanje ndi manja. Makasu anali atadyeka ndi dzimbiri. Mbale zinali bwinobwino. Nsalu yanga ya ukwati, nditaigwira, inangoyoyoka ngati tsamba la fodya louma. Ndinene zoona, ndinalirira nsaluyo poyamba, ndisanakumbuke chimene ndinabwerera. Kachitini kanali katabooka pansi. Nditatsegula, munali dothi la chiswe lokhalokha. Ndinalipukusa m'manja kufuna ngakhale kakona ka pepala. Munalibe.

Pobwerera mvula inatipeza, kamtsinje kamene tinalumpha m'mawa kanali katadzaza. Tinawoloka madzi ali pachifuwa, mbale pamutu. Giya ndinaimanga pa nsonga ya nsalu, ndipo nditamasula kutsidya, inki yonse inali itasungunuka. Linali pepala lonyowa lopanda mawu. Apo ndiye ndinamva mantha a abambo kulowa m'mafupa anga. Munthu wochokera kuthengo wopanda giya ankamuyesa wopereka chakudya kwa ankhondo a m'thengo, ndipo ena otere sitinawaonenso.

Pachipata panali msilikali wachizungu ndi mlonda wina wakuda. Mlondayo anali wa kwathu, abambo ndi amene anamuphunzitsa kupachika fodya m'chigafa. Ndinamutambasulira pepala lonyowa lija. Sanayang'ane n'komwe. Anauza mzungu uja mawu angapo m'Chipwitikizi, kenako anati kwa ine, "Mwana wa mdala wa fodya, lowani. Akupeza bwanji bambo?"

Titafika, mnzanga uja anandikokera kukhitchini kwake. Anati tiumitse giyayo pamoto, tiipinde bwino, tiwapatse. Anati mdala sadziwa kuwerenga, maso nawonso anatha, afe ndi mtima wogona, vuto lili pati? Sankanena mwachipongwe ayi, ankawamvera chisoni. Ndipo ndinaumitsadi. Ndinaipinda kanayi monga ankapindira lawo lija.

Ndinalowa. Abambo anali atatambasula kale manja onse awiri pamwamba pa bulangete. Manja aja ndi amene anandigonjetsa. Ndinaganiza kuti, kodi munthu amene sananamizepo pa sikelo ya fodya, ndimutumize kwa Mulungu ndi pepala labodza? Ndinagwada n'kuwauza kuti chiswe chadya.

Sanandikalipire. Anabweza manja n'kutembenukira kukhoma. Chete ameneyo sindinathe kumupirira, ndiye ndinayamba kungolankhula, za mango, za mbale, za mtsinje, za giya yosungunuka, za mlonda. Ndili pakati, anandidula.

"Wati sanayang'ane pepala?"

"Sanayang'ane, bambo."

"Nanga anakulowetsa bwanji?"

"Anandidziwa. Anati ndine mwana wanu."

Ankapuma movutika. Ndinkaganiza kuti agona. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kunena kuti sipayo wa ku Cuamba uja sankawadziwa, n'chifukwa chake anafuna kadeneta. Anati pepala ndi la alendo. Anagwira mphuno yawo, imene inali yokhota chibadwire, nati, "Ndiye amene anaumba mphuno iyi, akandione pachipata n'kufunsa kuti ndiwe yani?"

Anaseka, chifuwa n'kuwatsamwitsa, ine n'kuwapatsa madzi. Anandituma kuti ndikaitanenso akatekista, akuti tsiku lija anawayankha mwamwano.

Kaya mwina ophunzira za Mulungu anganene kuti nkhaniyi siyenda choncho ndendende, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti zonse zimene tinkati n'zamtengo wapatali tinazikwirira kuti zisungike, ndipo nthaka inadya, kusiya mbale zokha. Chimene chinanditsegulira chipata sindinachisenze pamutu, sindinachimange pansalu. Ndinangodziwika kuti ndine mwana wa uje. Ndikamva kutchalitchi za moyo wosatha, ine ndimaona chipata chimenecho, ndi wina wonditchula ndisanatsegule pakamwa.

Abambo anakhala masiku ena anayi. Ankadya phala pang'ono m'mbale yoyera ya amayi, ndipo za pepala sanatchulenso. Tsiku lowaika, mnzanga wa Chiyao uja anandinong'oneza kuti giya ija ndinamubwezera akadali nayo, ngati ndasintha maganizo. Ndinati ayatsire moto. Abambo tinawaika manja ali opanda kanthu, atapingasa pachifuwa.