Tsiku limene a Ndendende anaphonya muyezo

Zoti a Ndendende analedzera pamaso pa asewele awo mpaka kugwetsa mpando n'zabodza, ndipo amene akufalitsa nkhaniyi pampopi ndi omwe aja sanalowepo m'lesitilanti yoyala nsalu patebulo. Bambo amene uja mowa saudziwa ndi fungo lomwe.

A Ndendende ndi telala uja wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, wa tepi m'khosi ndi magalasi omanga ndi ulusi. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa akakuyezani m'chiuno n'kunena kuti "ndendende", musatsutse, ngakhale mutabweza mimba. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo kuchipatala anawapeza ndi shuga, ndiye anayamba kuyeza moyo wawo ngati thalauza. Masana amadya pakanyumba kodyera ka Mayi a Mapasa kuseri kwa msika. Akangolowa amapita kuseri kwa katani, kukweza malaya, kubaya jakisoni pamimba. Akamatuluka, mbale ili kale patebulo: masamba ambiri, nyemba, kampunga kongodzaza chikhatho. Jakisoni ameneyu sadikira munthu. Ukabaya, udye. Ukachedwa, shuga amatsika mpaka kukugwetsa.

Ndiye mwana wawo wamkazi, mphunzitsi uja, anapeza womanga naye banja. Makolo a mwamunayo, anthu a galimoto ziwiri, anati tidziwane, tikadyere pamalo abwino Loweruka masana.

Asanatuluke m'nyumba, a Ndendende analoza akazi awo chala.

"Amayi, za shugazi pakamwa potseka. Anthu akamva amati ndi matenda akumtundu, n'kumusiya mwanayu."

"Nanga jakisoni?"

"Ndikabayira kuchimbudzi. Akaone ndani?"

Kumaloko anapeza masipuni atatuatatu pa munthu mmodzi, ndi kabuku ka zakudya kotalika ngati kalata ya chisoni. A Ndendende anaitanitsa nkhuku yowotcha ndi masamba, anapepesa, analowa kuchimbudzi, anabaya, anabwerera akumwetulira. Apa ndi pamene anaphonya. Anayesa kuti kulikonse n'kwa Mayi a Mapasa. Kumalo ngati amenewa chakudya amayamba kuphika inu mutaitanitsa, mwinanso nkhukuyo amayamba aithamangitsa kaye.

Anzawo anabweretseredwa zakumwa zotsekemera, iwo madzi. Asewele aamuna anayamba nkhani ya malata a nyumba yawo yatsopano. Inatha theka la ola. Thukuta linayamba pamphumi pa a Ndendende, m'chipinda mozizira bwinobwino. Tambula ya madzi inayamba kugogoda mano awo.

Akazi awo anaona. Anakodola woperekera zakudya.

"Achimwene, chakudya chija?"

"Chatsala pang'ono, mayi."

Pang'ono wa m'lesitilanti mumamudziwa. A Ndendende anayang'anitsitsa asewele aamuna, lilime litalemera.

"Jekete iyi... anasoka ndani? Mkono umodzi... wautali."

Mwana wa a Ndendende anagwetsa nkhope. Asewele aakazi anapendekera kwa amuna awo, kunong'ona konong'ona koti aliyense amve: "Kodi bambowa alawako?"

Pansi pa tebulo akazi a telala anatsina bondo la amuna awo.

"Bambo, ndinene?"

"Usa... usayerekeze."

Milomo inali itatuwa. Mayi uja anayang'ana mwana wake, anayang'ana mwamuna wake. Akanena, ukwati wa mwana mwina uthera pomwepo. Akapanda kunena, anyamula munthu pamachila. A Ndendende anayesa kudzuka kuti akabisale kuchimbudzi, miyendo inakana, mpando unagwa chagada, iwo n'kutsamira khoma, maso ali mwaa.

Mayi anatsomphola botolo la chakumwa chotsekemera m'manja mwa asewele aamuna, lomwedwa kale theka, anagwira chibwano cha amuna awo.

"Imwani, inu! Mezani!"

Mwayi wake anali akadatha kumeza. Kenako mayi anakweza mawu mpaka kukhitchini anamva.

"Amuna angawa ali ndi shuga! Abaya jakisoni osadya! Bweretsani buledi, chilichonse, msanga!"

Buledi amene sankaoneka ola lonse anafika akuthamanga. A Ndendende anawakhazika pampando, anadya. Patapita kanthawi manja anasiya kunjenjemera, maso anabwerera m'malo mwake. Mawu awo oyamba sanali zikomo.

"Wanena?"

"Ndanena. Ndipo mukayambiranso ndinenanso."

A Ndendende sanathe kuyang'ana munthu. Mwana wawo anali atagwira m'mphepete mwa tebulo ngati wokwera lole. Asewele aamuna anapukuta manja pang'onopang'ono, anapinda kansalu, anakafunyululanso.

"Asewele," anatero, "ife tabwera kudzaona mpongozi, osati kudzayeza anthu magazi. Koma mukanatifera pano, mwana wanuyu tikanamuyang'ana bwanji?"

Asewele aakazi ndiye anthu akuti mpaka lero mlomo ukadali chotupa. Koma tsiku la ukwati silinasunthe. Nkhuku inafika itazizira nkhani yonse, ndipo a Ndendende anaidya mwakachetechete ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika.

Choonadi n'chakuti a Ndendende anabaya jakisoni wa shuga chakudya chisanafike, chifukwa choopa kuuza asewele awo kuti amadwala.