Tsiku Limene Wiebke Anakwera Ngolo

Wiebke ali mwana ankamasula chilichonse, ngakhale njinga ya abusa. Atamaliza digiri ya zamakina mumzinda wa Hannover, bambo ake, a Detlef, anamukakamiza kuti apitirize za injini za galimoto.

"Ntchito ili kumeneko, mwanawe. Zamphepo zakozo zidzakugoneka ndi njala."

Iye anasankhabe makina opukusa magetsi ndi mphepo. Zaka zisanu bambowo ali chitupire ngati finye, moni weniweni osampatsa.

Tsiku limene anakhoza digiri ya udokotala wa zamakina amphepowo, anzake anamukweza pangolo kuti azungulire sukulu, ndipo mwamwambo wa kumeneko, wokoka ngoloyo amakhala pulofesa wake. Koma a Detlef, amene anali pagulu la oonerera, anavula jekete n'kulanda chingwe.

"Pepani apulofesa, mwanayu ndi wanga."

Inakoka mpaka kuchipata, ili wefuwefu, nkhalamba yamakaniyo.